Mzere Womwe Sitikumba

Bambo anga, a Dieufort, anaweramira phiri ili ndi piki
kuyambira ndisanamere mano.
Ankazula vetiva phata ndi phata,
kukuntha mizu pabondo kuti dothi ligwe,
kuimanga m'mabelo opita ku Les Cayes
komwe matanki amaiphika usana ndi usiku
kufuna timafuta tosadzaza ndi chikhatho chomwe.

Akuti timafutato timawoloka nyanja,
timakathera kuseri kwa khutu la munthu
amene sanapondepo matope akuno.
Ife tinkatsala ndi fungo m'zikhadabo
ndi phiri la maenje okhaokha
ngati m'kamwa moguluka mano.

Namondwe wa mu Okutobala anapeza maenje onse ali yasa.
Kugumuka sindinakumve.
Ndinamva mbuzi,
kenako sindinazimvenso.
Kutacha, munda wa nandolo wa a Jésula
unali m'khitchini mwathu,
nthochi zawo zitaima chadodolido,
ndipo manda a amayi, omwe tinapaka laimu chaka chomwecho,
anali atatsetsereka mikono isanu ndi umodzi
kulowera kumtsinje.

Bambo anakhala pamwala masiku awiri.
Tsiku lachitatu anamanga nsungwi zitatu,
napachika kamwala pachingwe,
nayamba kuyenda chopingasa phiri
kufunsa kamwalako pamene madzi angaime.
Ine pambuyo ndi zikhomo.
Tinang'amba mapata, tinadula masamba,
tinaviika timizu m'phala la ndowe,
tinabzala motalikirana chibakera chimodzi
kuyambira pamtengo wa mango mpaka pathanthwe.

Iwo anati: Uwu sitikumba.
Sanawonjezepo mawu.

Chaka choyamba unali ngati tsitsi la mwana wodwala.
Anthu opita kumsika ankaseka:
taonani munthu wokwirira ndalama
n'kuiwala dala pomwe waika.
Chaka chachitatu nkhuku sinkatha kudutsapo.
Mvula inkatsika ndi ukali wake wonse,
n'kufika pamzerepo, n'kuvula katundu,
n'kutuluka kunsi yoyera, yoyenda mwaulemu
ngati mlendo wouzidwa kuti m'nyumba muli wodwala.

Bambo anamwalira m'chilimwe, piki ili kuseri kwa chitseko.
Sabata yomwe sukulu inabweza Fénel chifukwa cha fizi
Wilbrun anabwera panjinga yamoto ndi sikelo yake.
Mtengo wakwera, mlongo.
Sanayang'ane ine,
anayang'ana mzere.

Ndisaname.
Ndinapita mwezi ukuwala,
ndinasankha kumapeto, pafupi ndi thanthwe,
pomwe ndinkati palibe adzaone.
Kumtunda kwa udzuwo phazi langa linamira
m'dothi lakuda, lofewa, lofika m'bondo,
dothi lonse lomwe linkafuna kupita kunyanja
n'kukanizidwa njira.
Ndinakumba.
Dzanja linalowa mpaka phewa, mizu ikupitirirabe,
yopyapyala ngati ulusi, yolukana,
yosadziwa kupita kumbali.
Ndinaidula pomwe mphamvu zanga zinathera.
Mapata anayi.
Fénel anabwerera kusukulu Lolemba, nsapato zitapolishidwa.

Mvula ya mu Meyi sinachite kufufuza.
Inapeza mpatawo usiku woyamba,
inadutsa ngati galu wodziwa pomwe mpanda unathyoka,
inasiya ngalande yolowa mwana wa zaka zisanu,
inanyamula mizere iwiri ya mbatata
ndi ngodya ya chimbudzi cha a Jésula,
omwe mpaka lero amandipatsa moni ndi chibwano chokha.

Ndabzalanso.
Timbewu khumi ndi tiwiri, chibakera chibakera,
ndatchinga kunsi ndi miyala mpaka tidzagwire.
Pakati pa udzu wofika m'chiuno
malo angawo akuoneka ngati chipsera.

Wilbrun amadutsabe Lachisanu lililonse,
amaliza hutala pakona.
Fizi ya temu yamawa sindikudziwa kochokera.
Madzulo ndimatsuka m'manja ndi sopo ndi ndimu,
koma ndikagona, dzanja lili pansi pa tsaya,
ndimamvabe fungo lija,
la nthaka yonyowa ndi utsi,
la bambo akubwera kuchokera kuphiri.